Nyali Imene Imasamuka: Phunziro la ku Carthage ndi ku Edinburgh



Nkhani ya lero ndi yaitali ndipo ndi ya mbiri yakale, choncho pezani pokhala musanayambe kuwerenga. Funso limene ndikufuna tilingalire pamodzi ndi ili: kodi Chikhristu chikufa kapena chikukula? Inu okhala ku Ulaya mumatiuza kuti matchalitchi kumeneko ali pululu, mwangotsala okalamba owerengeka. Ife kuno timaona matchalitchi akudzaza mpaka ena kukhala panja pansi pa mtengo, mapemphero awiri kapena atatu pa Sabata limodzi. Palibe akunama pakati pathu. Zonse ziwiri zikuchitika nthawi imodzi.

Tiyambe ndi ziwerengero. M'chaka cha 1910, mwa Akhristu atatu alionse a padziko lapansi, awiri ankakhala ku Ulaya. Pofika 2010 gawo la Ulaya linali litatsika kufika pa mmodzi mwa anayi. Mu Africa monse, m'chaka cha 1900 munali Akhristu osapitirira 10 miliyoni, ambiri a iwo ku Ethiopia, Egypt ndi South Africa. Lero alipo oposa 600 miliyoni. Akafukufuku a bungwe la Pew Research Center anapeza kuti pofika 2020 maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara anali ndi Akhristu ambiri kuposa Ulaya yense.

Pomva izi mtima ukhoza kusefukira n'kumati tsopano nthawi ndi yathu. Koma akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mbiri ya zaka 2,000 ikusonyeza chinthu chimodzi momveka bwino: Chikhristu sichinakhalepo munda wa makolo wa mtundu uliwonse. Chimafika pamalo, chimakula, chimasintha moyo wa anthu, ndipo chikhoza kuchokapo. Yerusalemu, Antiokeya ndi Efeso anali malikulu ake, koma lero ku Efeso kuli mabwinja amene alendo amapita kukajambula. M'mutu wachiwiri wa Chivumbulutso mpingo wa mumzinda umenewo unachenjezedwa kuti nyali yake ikhoza kuchotsedwa, ndipo chenjezolo silinali lachabe. Ndikufuna tione malo awiri kumene nyaliyo inawala kwambiri kenaka n'kuzilala: kumpoto kwa Africa, ndi ku Scotland, kumene mpingo wathu unachokera.

Pali ena amene amaganiza kuti Uthenga Wabwino unalowa mu Africa ndi David Livingstone. Ayi ndithu. Pa 17 July chaka cha 180, mumzinda wa Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, Akhristu 12 ochokera m'tauni yaing'ono ya Scilli anaimikidwa pamaso pa bwanamkubwa wa Aroma. Anauzidwa kuti alumbire pa mzimu wa mfumu ya Roma, iwo anakana, ndipo anadulidwa mitu. Mmodzi mwa iwo, Speratus, anali ndi kabokosi, ndipo atafunsidwa za m'katimo anayankha kuti munali mabuku ndi makalata a mtumwi Paulo. M'chaka cha 203, mumzinda womwewo, mayi wachitsikana dzina lake Perpetua, wa zaka 22 ndiponso woyamwitsa, anaponyedwa ku zilombo pamodzi ndi Felicitas, kapolo amene anali atangochira kumene m'ndende. Zonsezi zinkachitika kutatsala zaka zoposa 350 kuti Columba akocheze pachilumba cha Iona, m'chaka cha 563, kukalalikira ku Scotland.

Mpingo umenewu sunali wa ofera chikhulupiriro okha, unalinso wa aphunzitsi. Tertullian wa ku Carthage ndiye woyamba kulemba m'Chilatini liwu limene ife timati Utatu. Cyprian, bishopu wa mzindawo, pa nthawi ya mliri woopsa analimbikitsa Akhristu kusamalira odwala, ngakhale amene ankawazunza aja, ndipo iyenso anaphedwa m'chaka cha 258. Msonkhano wa mabishopu wa ku Carthage wa 397 unatsimikiza mndandanda wa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano amene tili nawo lero. Ndipo Augustine, wobadwa mu 354 m'dziko limene lero ndi Algeria, bishopu wa ku Hippo, ndiye amene Martin Luther ndi John Calvin anatsamirapo pophunzitsa za chisomo cha Mulungu. Katekisimu amene tinaloweza m'kalasi ali ndi mizu yake mwa munthu wa mu Africa ameneyu.

Nanga mpingo wamphamvu chotere unapita kuti? Choyamba unang'ambika pakati. Chitatha chizunzo cha mfumu Diocletian chimene chinayamba mu 303, panabuka mkangano pa za atsogoleri amene anapereka mabuku opatulika kwa asilikali pofuna kupulumutsa moyo wawo. Kodi munthu wotere angakhalenso bishopu? Kodi ubatizo wochokera m'manja mwake ndi woona? Otsatira Donatus anati ayi, ena anati inde. Mkanganowo unatha zaka zoposa 100, kotero kuti m'mizinda yambiri munali mabishopu awiri ndi matchalitchi awiri osadyera pagome limodzi. Pa msonkhano wa ku Carthage wa 411 panasonkhana mabishopu oposa 500, theka mbali iyi, theka mbali inayo. Taganizani, abale anga, mabishopu 500! Augustine anamwalira mu 430 adani otchedwa Vandals atazinga mzinda wake. Mu 698 Aluya analanda Carthage. Mpingo sunafe tsiku limodzi, unafota pang'onopang'ono kwa zaka mazana angapo. Pofika 1076 Papa Gregory VII anapeza kuti m'dera lonselo simunatsale ngakhale mabishopu atatu amene amafunika podzoza bishopu watsopano.

Yankho lofulumira n'lakuti Chisilamu ndicho chinauthetsa. Koma yankho limeneli silikwanira, ndipo limangotipatsa mpata woloza anzathu chala m'malo modzifunsa tokha. Dziko la Egypt linagwa m'manja mwa Aluya omwewo kale mu 642, zaka zoposa 50 Carthage asanalandidwe, ndipo Akhristu a kumeneko ankakhoma msonkho womwewo wa anthu osakhala Asilamu. Komabe mpingo wa Coptic ulipo mpaka lero, ndipo uli ndi anthu mamiliyoni. Kusiyana kwake kunali pati? Ku Egypt Malemba anamasuliridwa msanga m'chiyankhulo cha Coptic, cha alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Ku Carthage ndi ku Hippo Baibulo ndi mapemphero zinali m'Chilatini, chiyankhulo cha boma, cha sukulu ndi cha m'tauni. Anthu a kumidzi ndi kumapiri ankayankhula Punic ndi Berber, ndipo Baibulo silinamasuliridwe m'ziyankhulo zimenezo. Augustine mwini ankavutika kupeza abusa odziwa Punic oti akatumikire kumidzi. Ulamuliro wa Aroma utatha, ophunzira ndi olemera ambiri anawoloka nyanja kupita ku Italy ndi ku Sicily, Chilatini chinazilala, ndipo chikhulupiriro chimene chinavala Chilatinicho chinazilala nacho limodzi. Mtengowo unali ndi nthambi zazikulu, koma mizu yake inathera m'tauni.

Tikatsika ndi mtsinje wa Nile kulowera kummwera tipeza phunziro lina. Ku Ethiopia mfumu Ezana ya ku Aksum inalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, Baibulo linamasuliridwa m'chiyankhulo cha Ge'ez, ndipo mpingo unadzimangira nyumba za amonke ndi sukulu zophunzitsira ansembe ake. Ulipo mpaka lero. Ku Nubia, kumpoto kwa Sudan wa lero, kunali maufumu achikhristu kwa zaka zoposa 800. Tchalitchi chachikulu cha ku Faras, chokhala ndi zithunzi zokongola m'makoma, chinafukulidwa mumchenga m'zaka za m'ma 1960. Koma mpingo wa ku Nubia unkadalira kwambiri nyumba yachifumu ndi mabishopu odzozedwa ku Alexandria. Mafumu atagwa ndipo njira ya ku Alexandria itatsekeka, mpingo unasowa abusa. Wansembe wa ku Portugal, Francisco Álvares, amene anali ku Ethiopia m'zaka za m'ma 1520, analemba za nthumwi za ku Nubia zimene zinadzapempha mfumu ya Ethiopia kuti iwatumizire ansembe, ndipo zinabwerera chimanjamanja. Mpingo umene sudzilerera wokha abusa uli ngati mudzi wotunga madzi pachitsime cha eni.

Tsopano tiwoloke nyanja tifike ku Scotland, kumene zimene zinasowa ku Carthage ndi ku Nubia zinalipo zonse. M'chaka cha 1560 John Knox ndi anzake anakonza mpingo n'kuika ulamuliro wake m'manja mwa abusa ndi akulu a mpingo osankhidwa, dongosolo limene linakula kufikira pa sesoni, presbitere ndi sinodi zimene ife tikutsata. Anafunanso kuti parishi iliyonse ikhale ndi sukulu, kuti mwana wa mlimi azitha kuwerenga yekha Baibulo, ndipo lamulo la 1696 linalimbitsa zimenezi. Phindu lake silinathere m'tchalitchi. Dziko laling'ono ndi losauka linakhala limodzi mwa maiko a anthu odziwa kuwerenga kwambiri ku Ulaya, n'kumatulutsa madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi. Sesoni ndiyo inkasamalira amphawi, amayi amasiye ndi ana amasiye. Mu 1843 abusa oposa 450, motsogozedwa ndi Thomas Chalmers, anasiya nyumba, malipiro ndi matchalitchi awo pokana kuti eni minda olemera azisankhira mpingo mbusa. Anthu wamba anaphunzirira m'tchalitchi kuti mtsogoleri amasankhidwa, ndipo akalakwa amafunsidwa.

Moto umenewu ndiwo unafika kwathu. Livingstone, amene ali mwana ankagwira ntchito m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland, anamwalira mu 1873. Mu 1875 a Free Church anakocheza ku Cape Maclear, mu 1876 a Church of Scotland anayamba ntchito ku Blantyre wathuyu, ndipo mu 1889 a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa anayamba ku Mvera. Chiyambi chinali chowawa. Ku Cape Maclear munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, manda a amishoni atayamba kale kuchuluka. Komabe anabwera ndi sukulu, zipatala, ntchito zamanja ndi makina osindikizira mabuku, ndipo analimbana ndi malonda a akapolo. Koposa zonse anachita zinthu ziwiri zija. Anamasulira Malemba, kufikira Buku Lopatulika litatuluka mu 1922. Anadzozanso abusa a dziko lino: Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha ku Blantyre mu 1911, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya ku Livingstonia mu 1914. Anachedwa nazo, ndipo makolo athu anadandaula ndi kuchedwako, koma zinachitika. Mu 1924 Blantyre ndi Livingstonia analumikizana kupanga CCAP, Nkhoma n'kulowamo mu 1926. Ndipo tisaiwale kuti ntchito yaikulu yofalitsa Mawu inagwiridwa ndi aphunzitsi a m'midzi, alaliki oyenda pansi, amayi, ndi makolo athu amene anapita kukagwira ntchito kumigodi ndi m'mafamu atanyamula buku la nyimbo m'thumba.

Mu June 1910 mumzinda wa Edinburgh munachitika msonkhano waukulu wa mamishoni a padziko lonse. Nthumwi zinali zoposa 1,200, koma zochokera m'mipingo ya ku Asia ndi ku Africa zinali pafupifupi 20 zokha. Chiyembekezo chawo chachikulu chinali pa China, Japan ndi India, pamene za Africa ambiri ankaopa kuti atembenukira ku Chisilamu. Anthu ophunzira ndi opemphera amenewo sanaone zinthu ziwiri zimene zinali kubwera: kukula kwa mpingo mu Africa, ndi kugwa kwa mpingo kwawo komweko. Patangopita zaka zinayi, maiko achikhristu a ku Ulaya anayamba kuphana okhaokha m'nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Church of Scotland inafika pachimake m'zaka za m'ma 1950, ili ndi mamembala oposa 1.3 miliyoni. Lero sakufika 300,000. Kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu 51 pa 100 alionse ku Scotland alibe chipembedzo chilichonse, ndipo 20 okha ndiwo akudzitcha a Church of Scotland. Ku England ndi Wales kalembera wa 2021 anasonyeza koyamba kuti odzitcha Akhristu sakufikanso theka, ali 46 pa 100. Matchalitchi akugulitsidwa, ena asanduka nyumba zogonamo, malo odyera, ngakhale omwera mowa. CCAP ya kuno tsopano ili ndi anthu ambiri kuposa mayi wake amene anaibereka.

Apa mpofunika kufatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Dziko la Scotland silinalandidwe ndi adani. Baibulo anali nalo, abusa awoawo anali nawo. Chinachitika n'chiyani? Olemba mbiri amatchula zingapo. Ntchito zimene mpingo unkagwira zinapita m'manja mwa boma, chisamaliro cha amphawi mu 1845 ndi sukulu mu 1872. Kumeneko sikunali kulakwa, popeza anthu anapindula, koma mpingo unataya njira zambiri zimene unkakumanirana ndi anthu pakati pa sabata. Unagawikananso kambirimbiri, mwakuti m'tauni imodzi yaing'ono munkakhala matchalitchi awiri kapena atatu a Chipresibateriya opikisana. Koma chachikulu chinachitikira m'nyumba. Kuyambira zaka za m'ma 1960, makolo amene iwowo anakulira mu Sande Sukulu analeka kutengera ana awo kutchalitchi. Sanaimirire pabwalo n'kulengeza kuti asiya Mulungu, anangoleka. Ana awo anakula akudziwa nkhani za m'Baibulo patalipatali, ndipo adzukulu awo ambiri sanazimve n'komwe. Mibadwo itatu inakwanira kuphwasula chimene chinamangidwa kwa zaka 400. Carthage anataya anthu akumidzi, Nubia anataya abusa, Scotland anataya ana.

Tisaganize kuti matendawa ndi a Azungu okha. Ku Korea, mmishoni wa ku Scotland John Ross anatsogolera ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano chimene chinatuluka mu 1887, ndipo chitsitsimutso cha ku Pyongyang cha 1907 chinalimbitsa mpingo wa Chipresibateriya umene unakula mofulumira zedi, mpaka kumatumiza amishoni m'maiko ambiri. Chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe ndi chipatso cha Akhristu a kumeneko. Komabe Pyongyang lero ndi likulu la North Korea, kumene chikhulupiriro chimaponderezedwa, ndipo ku South Korea kalembera wa 2015 anapeza kuti anthu 56 pa 100 alibe chipembedzo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine ndinagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ndipo chimodzi chimene ntchito ya m'maofesi imaphunzitsa n'chakuti dzina m'kaundula si munthu pantchito. N'chimodzimodzi ndi mpingo. Ku Rwanda mu 1994 anthu pafupifupi 9 pa 10 alionse anali Akhristu, koma m'masiku 100 okha anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa, ambiri a iwo m'matchalitchi momwe anathawira, monga ku Nyamata ndi ku Ntarama, ndipo owapha anali obatizidwa anzawo. Ku South Africa, Dutch Reformed Church, womwe uja unatipatsa Mvera ndi Nkhoma, unadalitsa tsankho la apartheid, mpaka bungwe la World Alliance of Reformed Churches linauimitsa mu 1982. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma chikhulupiriro chomwechi chikazika mizu chimaimika anthu pamaso pa amphamvu. Akhristu oponderezedwa a m'banja lomwelo la Reformed anayankha tsankholo ndi Chivomerezo cha Belhar, chimene analandira mu 1986. Kwathu kuno kalata ya mabishopu a Katolika imene inawerengedwa pa 8 March 1992 inatsegula pakamwa pa mtundu wonse, atsogoleri ena a CCAP anaima nawo, ndipo m'bungwe la Public Affairs Committee Akhristu ndi Asilamu anakhala pamphasa imodzi kufikira referendamu ya June 1993. Choncho amene amati chipembedzo chimangowononga akulakwitsa, amene amati chimangomanga akulakwitsanso. Chachita zonse ziwiri, malinga ndi pamene chafika mumtima ndi m'manja mwa okhulupirira. Kalembera wathu wa 2018 anapeza kuti Amalawi 77 pa 100 ndi Akhristu. Ngati zili choncho, wolandira chiphuphu ndani? Woba mankhwala a odwala ndani? Wolanda chuma cha mayi wamasiye maliro asanaphwe ndani? Si mlendo ayi. Amakhala nafe pabenchi limodzi.

Nanga kutsogolo kuli chiyani? Akafukufuku a Pew omwe aja anawerengetsa kuti pofika 2050, mwa Akhristu 10 alionse a padziko lapansi anayi adzakhala kummwera kwa Sahara, ndi kuti Asilamu adzatsala pang'ono kufanana ndi Akhristu m'chiwerengero. Dziko lapansi silikusiya kupembedza. Chimene chikuchitika n'chakuti maiko olemera akuchepa chikhulupiriro ndi ana omwe, pamene maiko opembedza akubereka. Tikatero tivomereze kuti kukula kwathu kwambiri kukuchokera m'chikuta, ndipo mwana wobadwira mumpingo ayenerabe kuleredwa kuti akhale wophunzira wa Khristu. Tizindikirenso kuti mtendere wa mawa udzadalira kwambiri mmene Akhristu ndi Asilamu adzakhalire pamodzi m'maiko ngati Nigeria, Tanzania ndi kwathu kuno. Mtsinje nawo wayamba kubwerera kumene unachokera: ina mwa mipingo yodzaza kwambiri mu London lero ndi ya anthu ochokera ku Nigeria ndi ku Ghana, monga Redeemed Christian Church of God. Inu ana athu amene muli ku Glasgow ndi ku Manchester, mwina munapita kukaphunzira kapena kukasamalira okalamba. Dziwani kuti ena mwa okalamba amene mukuwasambitsawo ndi adzukulu a anthu amene ankasonkha timakobidi tawo kuti kuno kukhale sukulu ndi chipatala. Musawanyoze chifukwa matchalitchi awo ali pululu. Lowani m'matchalitchimo, mukaimbe, mukatumikire, mubweze ngongole ya makolo.

Ife otsala kuno tisadalire ziwerengero za 2050, pakuti akuluakulu a ku Edinburgh nawonso anali ndi ziwerengero zawo. M'malo mwake tidzipime ndi miyeso imene mbiriyi yatipatsa.

Muyeso woyamba ndi chiyankhulo. Chingerezi n'chofunika, ndipo mapemphero a Chingerezi si tchimo. Koma ngati mwana wathu wa m'tauni sangathe kuwerenga ndime imodzi m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndipo ngati maphunziro onse ozama a zaumulungu atsekeredwa m'Chingerezi pamene agogo akumudzi tangowasiyira nyimbo zokha, ndiye kuti tikumanga Carthage wina.

Wachiwiri ndi abusa. Tili ndi sukulu ya zaumulungu ya ku Zomba ndi sukulu zina za masinodi athu, koma mbusa mmodzi akadali kuyendera nyumba zambiri zopemphereramo. Mipingo yakunja imene inkatithandiza ikuchepa yokha, ndipo thandizo lake silingakhale monga kale. Ngati chopereka chathu chonse chithera pa njerwa, matailosi ndi zokuzira mawu, osasiyako chophunzitsira abusa, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a kalasi, tidzakhala ndi nyumba zokongola ngati ya ku Faras.

Wachitatu ndi umodzi. Mikangano ya malire a masinodi, kusankhana mitundu ndi zigawo, ndi kutengerana kukhoti pa nkhani za mpingo, zonsezi ndi mbewu yomwe ija ya masiku a Donatus. Mbali iliyonse pa nthawi imeneyo inali ndi mfundo zake, ndipo mbali zonse ziwiri zinafafanizika pamodzi.

Wachinayi, umene uli waukulu koposa, ndi ana. Theka la Amalawi ndi osafika zaka 18. Mpingo wa 2050 si wina ayi, ndi uja timausiya panja ndi mphunzitsi mmodzi wopanda buku pamene ife akuluakulu takhala pamthunzi m'kati. M'mera mpoyamba. Achinyamata athu ali ndi mafunso enieni, a ulova, a maukwati, a zimene amawerenga pa foni, ndipo tikapanda kuwayankha moona mtima adzapita kwa ogulitsa madzi ndi mafuta a madalitso, kapena adzangoleka mwakachetechete monga anachitira makolo a ku Scotland. Chikhulupiriro sichiyenda m'magazi. Chimapatsiridwa pamanja, pakhonde madzulo, pamene bambo ndi mayi atsegula Buku ndi kupemphera ndi ana awo, ndiponso pamene anawo aona kuti amene amapemphera pa Sabata ndi yemweyo amene amakana chinyengo Lolemba.

Abale anga, Mpingo wa Khristu sudzatha. Lonjezo la pa Mateyu 16 lili chiimire, ndipo mbiri yonse imene tayendamoyi ikulichitira umboni: nyali ikazilala kuno imayaka uko. Koma lonjezolo linaperekedwa kwa Mpingo wonse. Silinatchule Carthage kapena Edinburgh, ndipo silinatchule Nkhoma, Blantyre kapena Livingstonia. M'badwo uno nyaliyo yaikidwa m'manja mwathu, osati chifukwa ndife abwino kuposa amene anaigwira kale, koma mwa chisomo chokha. Choncho usiku uno musanagone itanani ana ndi adzukulu, muwerenge nawo mutu wachiwiri wa Chivumbulutso m'chiyankhulo cha amayi anu, ndipo mupempherere mpingo wa ku Scotland monga iwo anatipempherera ife tisanabadwe.

Ambuye atichitire chifundo, atisunge m'choonadi chake, ife ndi ana athu. Amen.